Ulimbo womangira mwala wonolera uli m'munda mwathu, koma tisapupulume

Mukafika pamsika uliwonse m'dziko muno, kaya ndi pa Mponela, pa Lunzu, pa Jenda kapena pa Liwonde, pali phokoso limodzi lomwe simungalephere kulimva. Ndi kulira kwa gulayinda, kamakina kaja komwe anyamata owotcherera amadulira zitsulo popanga zitseko, mafelemu a mawindo ndi ngolo. Chapambali pamakhala bambo wina atakwera njinga yosayenda, akupalasa kuti mwala wozungulira unole mipeni ya ogulitsa nsomba ndi zikwanje za ogulitsa nyama. Nthethe za moto zili m'mwamba, ana ataima chapatali n'kumaonerera.

Ambirife timangodutsa. Komatu khasu lomwe mulimire chaka chino, chitseko chomwe mumatseka usiku, ngakhale mpeni womwe mayi aduladulira ndiwo madzulo ano, zonsezi zidadutsapo pamwala umenewu. Ndipo ngakhale timautcha mwala, wambiri mwa iwo si mwala wokumba pansi ayi. Ndi chinthu chochita kupanga kufakitale, chomwe timaitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale. Owotcherera akukumbukira momwe mitengo ya madisiki idakwerera ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Lero ndafuna tikambirane nkhani yomwe akatswiri m'maiko ena akhala akuifufuza, yopanga miyala yonolera ndi madisiki odulira zitsulo pogwiritsa ntchito utomoni wochokera ku zomera. Maganizo anga ndi akuti ntchito imeneyi ikutiyenera ife Amalawi, chifukwa zipangizo zake zambiri timazitaya kudzala. Koma tiyambire pamwala woyenda pang'onopang'ono wa bambo wa njinga uja. Disiki ya gulayinda ibwere pambuyo, itayesedwa mokwanira, chifukwa diso la munthu silimeranso.

Tiyambe tamvetsa kuti mwalawu ndi chiyani. Muli zinthu ziwiri. Choyamba ndi timiyala ting'onoting'ono tolimba kwambiri, tomwe timapala chitsulo. Chachiwiri ndi ulimbo womwe umagwira timiyalato pamodzi. Amene adakulira kumudzi akudziwa ulimbo wotchera mbalame, womwe tinkapanga ndi utomoni wa mitengo. Nzeru yake ndi yomweyo, kungoti ulimbo wa m'mwalawu amauwotcha mpaka uume gwa.

Akulu adati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Timiyala tija, ngakhale tilimbe bwanji, n'topanda ntchito ngati ulimbo wake uli wolakwika. Ulimbo ukakhala wofooka, timiyala timathothoka tisanagwire ntchito, ndipo mwala umatha ngati sopo. Ukakhala wolimba mopitirira, timiyala tobuntha timakanirira pomwepo, mwala umasalala, ndipo m'malo monola umangotenthetsa mpeni mpaka kuuwononga. Ulimbo wabwino ndi womwe umagwira kamwala pamene kali kakuthwa, n'kukataya kakabuntha kuti kena katsopano kaonekere. Luso lonse la opanga miyalayi lagona pamenepa.

Timiyala tomwe tili m'madisiki ambiri lero n'tamitundu iwiri. Mtundu wina ndi silicon carbide, womwe Edward Acheson wa ku America adautulukira mu 1891 powotcha dothi ndi makala ndi mphamvu ya magetsi. Mtundu wina ndi aluminium oxide, wochokera ku dothi la bauxite. Yonse iwiri imafuna ng'anjo ya magetsi yotentha madigiri pafupifupi 2,000. Ulimbo wake nawo ndi wamitundu ingapo. Miyala ikuluikulu yonolera kawirikawiri amaimanga ndi dothi lowotcha lomwe limasanduka ngati galasi. Koma madisiki opyapyala a gulayinda amawamanga ndi ulimbo wochokera ku mankhwala awiri, phenol ndi formaldehyde, womwe Leo Baekeland, mbadwa ya ku Belgium yomwe inkakhala ku America, adaupanga mu 1907.

Ulimbo wa Baekeland wagwira ntchito zaka zoposa 100, ndipo palibe angatsutse kuti ndi wolimba. Vuto lake lili pawiri. Phenol amachokera ku mafuta okumba pansi, omwe dziko lino lilibe ndipo mtengo wake sitiulamulira. Formaldehyde naye ndi woopsa kwa ogwira ntchito m'mafakitale. Mu 2004, nthambi ya bungwe la WHO yofufuza za khansa idamuika m'gulu la zinthu zomwe zimayambitsa matendawa. N'chifukwa chake akatswiri adayamba kufunsa ngati zomera sizingapereke ulimbo wina.

Funsoli si lachilendo kwenikweni. Ku India, amisiri osula miyala yamtengo wapatali akhala akupanga miyala yawo yonolera kwa zaka mazanamazana posakaniza ufa wa mwala wa corundum ndi shellac, utomoni womwe tizilombo tina timasiya panthambi za mitengo. Mpaka lero mafakitale amapangabe miyala ya shellac yosalazira mipeni ndi zitsulo zofuna kuwala. Palinso miyala yomangidwa ndi mphira, utomoni wa mtengo womwe ngakhale kuno kwathu umalimidwa ku Vizara m'boma la Nkhata Bay. Choncho ulimbo wachilengedwe udalipo kale Baekeland asanabadwe. Chomwe udagonjera n'chakuti umafewa ukatentha, pamene makina atsopano ankathamanga kwambiri.

Tsono tamvani zomera zomwe zikutchulidwa masiku ano, muone ngati n'zachilendo kwa inu.

Choyamba ndi mbibu, mtengo womwe anzathu a ku Tanzania amautcha korosho. Udachokera ku Brazil ndipo adabwera nawo kuno ku Africa ndi Apwitikizi zaka za m'ma 1500. Anthu a m'mphepete mwa nyanja, ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Karonga, akudziwa kuti chikamba cha mtedza wake chili ndi mafuta akuda omwe amawotcha khungu. Ana ambiri adatupapo milomo atayesa kuswa mtedzawu ndi mano. Mafuta owotchawo ndi chuma. Ali pachibale ndi phenol, ndipo mafakitale akhala akuwagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri popanga mabuleki a galimoto, penti ndi vanishi. Amathanso kulowa m'malo mwa gawo lina la phenol mu ulimbo wa miyala yonolera, ndipo amathandiza kuti ulimbowo usamasweke msanga. Dziko la Mozambique, lomwe tili nalo m'malire, lidali patsogolo padziko lonse polima mbewuyi kumayambiriro a zaka za m'ma 1970. Ife kuno chikambacho timangotaya kapena kusonkhera moto.

Chachiwiri ndi makungwa a mitengo. Muli mankhwala otchedwa tannin, omwe ofufuta zikopa amawadziwa bwino. Mtengo wa wattle umalimidwa kaamba ka makungwa akewa ku KwaZulu-Natal m'dziko la South Africa ndi ku Njombe m'dziko la Tanzania.

Chachitatu, chomwe chidandidabwitsa kwambiri, ndi zitsononkho za chimanga ndi zotsalira za nzimbe zikafinyidwa. Akaziphika ndi asidi zimatulutsa madzi otchedwa furfural, omwe amawasandutsa furfuryl alcohol. Fakitale ya shuga ya Sezela ku South Africa yakhala ikupanga zimenezi kuchokera ku zotsalira za nzimbe kwa zaka zambiri. Mu 2015, akatswiri a pa yunivesite ya Lorraine ku France, mmodzi mwa iwo Antonio Pizzi, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo momwe adasakaniza tannin ndi furfuryl alcohol n'kupanga ulimbo, adathiramo timiyala ta aluminium oxide, n'kuumba madisiki omwe adadula zitsulo pa gulayinda.

Taganizani, abale anga. Dziko lomwe pafupifupi khomo lililonse limakolola chimanga, lomwe lili ndi minda ya nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, lomwe lili ndi mbibu m'mphepete mwa nyanja ndi mphira ku Nkhata Bay, n'kumagula ulimbo wa mafuta a anthu ena. Fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, koma ife wathu tikumuyang'ana patali.

Pofika apa wina anena kuti basi tiyeni tiyambepo mawa, aliyense aumbe madisiki kuseri kwa nyumba yake. Apa mpamene ndikuti tisapupulume, ndipo ndili ndi chifukwa.

Mwana wa mlongo wanga ndi wowotcherera. Tsiku lina adagula madisiki otchipa pagolosale ina, opanda dzina looneka bwino. Akudula paipi, disiki idaphulika. Chidutswa chidamung'amba tsaya, kutsala pang'ono kufika padiso. Adasokedwa kuchipatala, ndipo adakhala masabata angapo osagwira ntchito, banja lake likudya ngongole. Chipsera chili pomwepo mpaka lero. Nditamufunsa za chitsulo chotchinga chomwe chimabwera ndi gulayinda, adaseka n'kunena kuti, "Malume, chija timachotsa, chimatchinga poona." Magalasi oteteza maso nawo adali m'thumba.

Anthu ambiri sadziwa liwiro la kachipangizoka. Gulayinda yaing'ono, ya disiki ya mamilimita 115, imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pamphindi imodzi. Zikatero, m'mphepete mwa disikimo mumathamanga liwiro loposa makilomita 200 pa ola, kuposa minibasi iliyonse yomwe mudakwerapo pamsewu wa M1. Mphamvu yomwe imafuna kung'amba disikiyo simakula mofanana ndi liwiro. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Chomwe chimagwira zonsezo kuti zisamwazike pankhope panu ndi ulimbo uja pamodzi ndi ukonde wa ulusi wagalasi womwe amauika mkati mwa disiki.

N'chifukwa chake madisiki enieni amalembedwa liwiro lomwe sayenera kupitirira, kawirikawiri mamita 80 pa sekondi. Ndiponso, chomwe ambiri sitiyang'ana, pakachitsulo ka pakati pa disiki amadindapo mwezi ndi chaka chomwe disikiyo imathera mphamvu, nthawi zambiri zaka zitatu chipangidwireni. Ulimbo umakalamba, ndipo chinyezi chimaufooketsa. Disiki yomwe yakhala pachinyontho nyengo yonse ya mvula siyofanana ndi yomwe yangotuluka kumene mufakitale, ngakhale zioneke chimodzimodzi.

Ngati ulimbo womwe wayesedwa zaka 100 umathabe kuphulika ukasungidwa molakwika, nanga bwanji watsopano womwe waphikidwa mumphika osayezedwa? Mawu akuti "chachilengedwe" asatinyenge. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mafuta a mbibu ndi achilengedwe, koma amasupula khungu. Furfuryl alcohol ndi wochokera ku chimanga, koma ndi poizoni, ndipo akakumana ndi asidi amatentha mwadzidzidzi. Ulimbo wambiri wa mbibu umafunabe formaldehyde kapena mankhwala achibale ake kuti uume. Ndipo zomwe zatheka m'chipinda chofufuzira ku France zikufunika kuyesedwa kambirimbiri zisanafike m'manja mwa mnyamata wa pa Mponela.

Tinenenso zoona pa timiyala tija. Kusintha ulimbo sikusintha timiyala, ndipo gawo lalikulu la disiki ndi timiyalato. Ena adzati bauxite tili naye paphiri la Mulanje. N'zoona, koma kukumba phiri lomwe limamwetsa anthu madzi kuti tipange chinthu chomwe tikuchitcha chosamala chilengedwe n'kudzinamiza, ndipo magetsi osungunulira dothilo tilibe okwanira. Njira yapafupi ili m'zotsalira. Pitani pashedi ya owotcherera muone madisiki otha omwe amangotayidwa pansi. M'zidutswa zimenezo muli timiyala tomwe tingachotsedwe, kusefedwa n'kugwiranso ntchito. Tilinso ndi mwala wa corundum wachilengedwe, monga wa paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu, komwe amakumba miyala yamtengo wapatali. Si wonse womwe umakhala wokongola moti n'kugulitsidwa ngati ndolo, koma wosakongolawo kulimba kwake n'komweko.

Chomwe tisayerekeze n'kugwiritsa ntchito mchenga wa kumtsinje ngati timiyala tonolera pouma. Fumbi lake limalowa m'mapapo n'kuyambitsa matenda a silicosis, omwe alibe mankhwala. Onola mipeni a mumzinda wa Sheffield ku England ankafa ali anyamata zaka za m'ma 1800 kaamba ka fumbi la miyala yamchenga. Kuno kwathu mabanja omwe abambo awo adapita ku migodi ya golide ku Joni akudziwa chifuwa chimenechi. Tisabweretse matenda a m'migodi pamsika pathu.

Nanga tiyambire pati? Tibwerere kwa bambo wa njinga uja. Mwala wake suthamanga ngati gulayinda, ndipo pali miyala ina yonolera ndi madzi yomwe imazungulira maulendo pafupifupi 100 okha pamphindi. Paliwiro lotere mphamvu yong'amba mwala ndi yochepa kwambiri, madzi amaziziritsa ulimbo kuti usafewe, ndipo fumbi silimauluka. Zofooka zonse za ulimbo wa zomera zimachepa pamenepa. Mwala wotere ukalakwika umangotha msanga kapena kung'aluka, sufika pochotsa munthu diso. Chimodzimodzi nolo yam'manja, yonolera mpeni kapena sizasi, yomwe siizungulira n'komwe.

Ndipo msika wake ulipo. Mudzi uliwonse uli ndi makasu, nkhwangwa, zikwanje ndi mazenga ofuna kunola. Akalipentala ali ndi matchizulo ndi mapuleni, atelala ali ndi masizasi. Makolo athu ankanola pamwala wa kumtsinje, ndipo ankadziwa mwala woyenera mpeni ndi woyenera mphero. Kuumba mwala wathuwathu n'kupitiriza luso lomwelo. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Amisiri akazolowera kasakanizidwe, kapanikizidwe ndi kawotchedwe pamiyala yoyenda pang'onopang'ono, adzakhala ndi poyambira pokwera kupita ku yothamanga. Ubwino wina ngwakuti ulimbo wamtunduwu umauma pamoto wa madigiri osapitirira 200, pamene miyala ya dothi lowotcha imafuna madigiri oposa 1,000. Uvuni wa madigiri 200 ngwotheka ngakhale pa boma laling'ono.

Ntchitoyi ili ndi eni ake. Sukulu za ukachenjede za MUBAS ku Blantyre ndi MUST ku Thyolo zili ndi ophunzira za uinjiniya omwe chaka chilichonse amafunafuna mitu ya kafukufuku. Nawu mutu: atenge zikamba za mbibu za ku Mangochi, afinye mafuta, aumbe miyala, ayese. Bungwe loona za miyezo la MBS likhale ndi chipinda chotchingidwa bwino chozunguzira miyala ndi madisiki mpaka ataphulika, kuti tidziwe malire ake munthu asanayandikire. Chipinda chomwecho chiyesenso madisiki olowa m'dziko muno, chifukwa ngozi yomwe tili nayo lero ikuchokera ku omwe ali kale m'magolosale. Bungwe la TEVETA nalo liwonetsetse kuti wophunzira kuwotcherera aliyense akudziwa kuwerenga zolembedwa padisiki asanagwire gulayinda.

Ena adzati izi n'zazing'ono, dziko lili ndi mavuto aakulu monga njala ndi kusowa kwa mankhwala m'zipatala. Ndikuvomereza kuti mwala wonolera suthetsa njala. Koma ndalama zakunja zimatha ndi tinthu ting'onoting'ono totere: misomali, zotokosera m'mano, madisiki. Ndipo mlimi wa mbibu akadzayamba kugulitsa chikamba pamwamba pa mtedza, mtengowo adzausamala, adzabzalanso wina. Enanso adzati zakunja n'zotchipa kuposa zomwe tingapange. Pa madisiki a gulayinda, lero n'zoonadi, ndipo n'chifukwa china chomwe ndikunenera kuti tisayambire kumeneko. Koma mwala wonolera ndi wolemera, ndipo kuunyamula kuchoka kutsidya kwa nyanja kudzera ku Beira kapena Dar es Salaam kuli ndi mtengo wake. Apo mpamene mmisiri wa kuno angapikisane.

Pamene tikudikira akatswiri, pali zomwe banja lililonse lingachite sabata ino. Ngati m'nyumba mwanu muli wowotcherera, mufunseni ngati gulayinda yake ili ndi chotchinga. Muoneni ngati amavala magalasi. Pogula disiki, yang'anani tsiku pakachitsulo ka pakati, ndipo liwiro lolembedwa padisiki lisachepere la makina anu. Disiki yomwe yagwa pansi, yanyowa kapena yakukutika m'mphepete, itayeni ngakhale mtima ukuwawa. Disiki yodulira musaigwiritse ntchito popala cham'mbali. Mwala waukulu wa dothi lowotcha, musanaumange pamakina, upachikeni pachala n'kuugogoda pang'ono ndi mtengo: wabwino umalira ngati belu, wong'aluka mkati umalira mogontha. Ndipo mukaumanga, uyambe wazungulira wokha kwa mphindi imodzi inu mutaima pambali.

Mwana wa mlongo wanga uja adabwezeretsa chotchinga pa gulayinda yake. Ndidamupeza mwezi watha akuphunzitsa kamnyamata kena ntchito, ndipo chinthu choyamba chomwe adakauza chidali kuwerenga tsiku padisiki. Nditamufotokozera za ulimbo wa mbibu ndi zitsononkho, adagwedeza mutu n'kunena kuti, "Malume, akadzapanga mudzandibweretsere wonolera matchizulo ndiyese. Koma wa gulayinda ayambe ayesa okha."

Mawu amenewo ndi omwe ndikutumiza kwa akuluakulu a sukulu zathu za ukachenjede ndi a MBS. Zikamba za mbibu zikuwola m'mphepete mwa nyanja, zitsononkho zikupsa m'mafuwa, ndipo amisiri ali okonzeka kuyesa. Chatsala n'chakuti wina aumbe mwala woyamba, auyese mokwanira, autumize kwa bambo wa njinga pamsika.